Ana a ku Neno, Jambulani Zakwanu

Inu a Fomu 3 ku Chiwale, inu a ku Chikonde, a ku Matandani, a ku Ligowe, a kumunsi ku Lisungwi ndi ku Zalewa, tcherani khutu kuno. Ndabwera ndi ntchito, ndipo si yolemba m'kope kuti aphunzitsi achonge. Ndikufuna chaka chino chisanathe mupange gulu, mupeke nkhani, muijambule ndi foni m'zigawo 6, chigawo chilichonse cha mphindi 5, kenako muitulutse poyera anthu aione. Zonse pamodzi ndi theka la ola basi. Ndamumva kale wina kumbuyoko akuti, "Kanema ku Neno? Ndi netiweki yake iti?" Musamuthamangitse ameneyo. Mlembeni dzina, pakamwa pakepo tidzapafuna posewera.

Taganizirani nthawi zimene boma lanu limatchulidwa pa wailesi. Kawirikawiri nkhani yake imakhala ya msewu: lole yatitimira m'matope, ambulansi yachedwa ndi mayi wodwala, akuluakulu alonjezanso phula la msewu wochokera ku Tsangano kudzera pa Neno mpaka ku Mwanza. Ikapanda kukhala ya msewu ndiye ya makala a pa Zalewa. Apo ayi mlendo wafika ndi kamera yaikulu, wajambula mzere wa odwala, wakwera galimoto, ulendo. Sindikuti n'zabodza. Msewuwo ngwovutadi, mitengo ikuthadi, ndipo ntchito imene a Abwenzi Pa Za Umoyo akhala akugwira m'zipatala kuyambira 2007 palibe angaipeputse. Koma boma limene kalembera wa 2018 adapezamo anthu opitirira 138,000 silingakhale la matope ndi matenda okhaokha. Anthu amenewa amaseka, amafunsirana, amanamizana pa bawo, amakangana malire a munda, amavina ngoma mpaka fumbi koboo. Zimenezo akuzijambula ndani? Mlendo sangathe, pakuti nthabwala yanu imamudutsa ali chiimire. Mtolankhani wa ku Blantyre amafika m'mawa n'kubwerera dzuwa lisanapendeke, kuopa mvula. Mwatsala ndinu.

Neno adapatuka ku Mwanza mu 2003. Bomali ndi msinkhu wa achimwene ndi achemwali anu, nkhope yake dziko silinaione bwino. Mapiri amene mumakwera tsiku ndi tsiku, pa mapu amalembedwa kuti Kirk Range, dzina la John Kirk, mzungu amene ankayenda ndi David Livingstone m'chigwa cha Shire. Agogo anu adali nalo dzina la phiri lililonse, koma dziko lidamvera amene adagwira cholembera. Lero amene akumveka ndi wogwira kamera, ndipo kamerayo ili m'thumba la malume anu.

Ndiye musandiuze kuti kwanu kulibe nkhani. Ndi maboma angati amene munthu m'mawa amanjenjemera ndi chisanu kwa Dambe, pakati pa minda ya mbatatesi ndi tirigu, masana n'kukhala akupukuta thukuta pansi pa mlambe kwa Saimoni? Shire amene wakhala akupukusa makina a magetsi pa Nkula kuyambira 1966, ndi pa Tedzani pomwe, amayenda m'malire mwanu, chonsecho ana ambiri a m'mbali mwake amawerenga ndi tochi. Sitima ya malasha yochokera ku Moatize kupita ku Nacala imadula minda yanu pakati, mabogi ndondondo, ana n'kumaibayibitsa. Ku Luwani kudakhala anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Msasa udatsekedwa mu 2007 n'kutsegulidwanso mu 2016, ndipo alipo agogo amene adaona zonsezo ndi maso awo. Mishoni ya Akatolika ya Neno idayamba mu 1906, ya Adventist ya Matandani mu 1908. Nyengo ya manachesi ikafika, mvetserani mmene mavenda ndi eni mitengo amanenererana mtengo, wina akulumbira pali mayi ake, wina akunamizira kuchoka. Wolemba wa mu Lilongwe atapatsidwa theka la zimenezi angavine. Inu mumazidutsa popita kusukulu, maso ali pansi.

"Tilibe zipangizo." Ndamva. Imvani nanunso izi. Ku Kaduna, kumpoto kwa Nigeria, anyamata apachibale odzitcha The Critics adayamba kupanga mafilimu a zamlengalenga ndi foni yosweka galasi ndi chinsalu chobiriwira. Magetsi kwawoko amathimathima monga kuno. Mu 2019 dziko lidawadziwa, ndipo J.J. Abrams, mmodzi mwa amene adatsogolerapo mafilimu a Star Wars, adawatumizira zipangizo. Ku Wakaliga, dera la anthu osauka mu Kampala, Isaac Nabwana adali woumba njerwa. Mu 2010 adatulutsa Who Killed Captain Alex?, filimu imene akuti sidadye madola oposa 200, mfuti zake zosula ndi zitsulo zotola. Issa Rae wa ku America adayamba ali wophunzira pa yunivesite ya Stanford, akujambula anzake m'kasewero ka zigawo ka moyo wa m'mahositelo. Mu 2011 adaika pa YouTube sewero lina la zigawo, Awkward Black Girl. Ndalama zitamuthera pakati, oonera okha adasonkha kuti amalize, ndipo pofika 2016 adali ndi pulogalamu yakeyake pa HBO.

Mwina muti amenewo ndi akutali. Chabwino, bwerani kwathu. Du Chisiza Jr adali mwana wa sukulu pa HHI ku Blantyre pamene adalemba The Deceased's Attack n'kupambana nalo mpikisano wa masewero wa sukulu za sekondale mu 1982. Gulu la Wakhumbata lidamera pa muzu umenewo. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, adaseketsa Malawi yense ndi zovala zakutha ndi lilime lakuthwa, palibenso china. Shemu Joyah ntchito imene adaphunzira ndi yoyeza malo, koma ndiye adatipatsa Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat. Joyce Mhango Chavula adakatenga mphoto ku Nigeria mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Ndipo mu 2019, pamene idatuluka filimu ya Chiwetel Ejiofor ya nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, anthu a m'mayiko ambirimbiri adakhala pansi kumvetsera Chichewa pa Netflix. Kholo likakufunsani kuti masewero adapindulitsapo ndani, mulikumbutse mwaulemu kuti Manganya wa mu Tikuferanji, a Michael Usi, adakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino mu 2024. Pa onsewa palibe amene adadikira kuti zinthu ziyambe zakwana.

Tsopano ndikuuzeni chimene chimapha magulu onga lanuli. Si kusowa kamera. Ndi Loweruka lachitatu. Loweruka loyamba mumasonkhana anthu 30, aliyense akufuna mbali yaikulu. Lachiwiri mumatsala 12. Lachitatu mwini foni wapita kumpira osatsanzika, mtsikana wosewera mbali yaikulu watupa chifukwa mnzake wapatsidwa mawu ambiri, msungichuma akuyang'ana kumbali mukamufunsa za ndalama ya bandulo, ndipo wotsogolera wasanduka kapitawo, akungolalata. Zikatero gulu la pa WhatsApp limangoti zii, m'foni n'kutsala chigawo chimodzi ndi theka chimene palibe adzachione. Ntchito zambiri za achinyamata zidafera pamenepo, umphawi n'kumangonamiziridwa.

Makolo anu mankhwala ake ankawadziwa. Pa dima munthu sankafunsa kuti khasu lakuthwa ndi la yani. Aliyense ankagwira mzere wake n'kuufikitsa kumapeto, thobwa pambuyo. Kanema naye ndi dima. Choncho musanagwire foni, gulani hadikava imodzi. Nkhanga zinapangana kusanache. Khalani pansi anthu 8 kapena 10, osapitirira, mulembe dzina la aliyense ndi mzere wake. Olemba nkhani akhale awiri, kuti wina akatengeka mnzake azimubweza. Wotsogolera akhale mmodzi, ndipo musasankhe wolongolola kuposa onse. Sankhani amene amafika msanga ndipo amatha kunena kuti "tibwereze" popanda kunyoza munthu. Pakhale wojambula, pakhale woyang'anira mawu, pakhale wolumikiza zidutswa. Pakhale wosunga kope, amene ntchito yake ndi kukumbukira kuti pa chigawo chachiwiri mtsikana uja adavala chitenje chofiira ndipo ndowa idali kudzanja lamanzere. Mudzamuseka mpaka tsiku limene wosewera wanu adzalowe m'nyumba ali ndi tsitsi n'kutuluka atameta mpala. Pakhale msungichuma, ndipo tambala iliyonse, kaya yalowa pamanja kaya pa Airtel Money kapena Mpamba, ilembedwe anthu awiri akuona. Pakhalenso wolengeza, amene ayambe ntchito tsiku loyamba lomwelo, osadikira kuti filimu ithe.

M'hadikava momwemo mulembe zinthu zimene zimaoneka zazing'ono lero koma zimadula chibale mawa. Mwini foni si mwini filimu. Wabwereketsa chipangizo, ndipo mudzamuthokoza ndi zilembo zikuluzikulu kumapeto kwa chigawo chilichonse, koma nkhani ndi ya gulu. Pasiwedi ya tsamba lanu isakhale m'mutu mwa munthu mmodzi. Aidziwe awiri pamodzi ndi mphunzitsi wokuyang'anirani. Wojomba kawiri popanda chifukwa mbali yake ipite kwa wina, ngakhale akhale mwana wa ahedi. Ndipo mugwirizane lero za amene adzasunge tsambalo mukadzamaliza Fomu 4 n'kubalalika, wina ku Zomba, wina ku Joni, wina kumunda.

Kwa inu atsikana ndili ndi mawu apadera. Musalole kuti ntchito yanu m'gululi ikhale kusewera chibwenzi cha wina ndi kuphika mbatata ya ojambula. Gwirani kamera. Lembani. Tsogolerani. Nkhani za kumjigo, za kuchigayo, za mtsikana wokhala pa selofu kutali ndi makolo, amene ufa wamuthera pakati pa mwezi pomwe bambo wina wa pagolosale wayamba kumupatsa moni wautali, mnyamata sangazilembe bwino ngakhale atakhala wanzeru chotani. Ndipo inu anyamata, mtsikana akanena kuti "mkazi sangayankhule choncho," fufutani mzerewo, musatsutse.

Nkhani yanu ikhale yaing'ono. Apa ndipo ambiri amagwera. Mwana wa sukulu akangomva kuti filimu, m'mutu mwake mumabwera mfuti, magalimoto othamangitsana, bwana wa kampani ali pa mpando wozungulira. Zisiyeni zimenezo, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Tengani anthu anayi, malo atatu, funso limodzi. Mwachitsanzo: malume a ku Joni atumiza foni imodzi pakhomo la anthu 7, osanena kuti ndi ya yani. Agogo akuifuna kuti azimvera nyimbo za kwaya. Mnyamata wa kabaza akuti ndi yoitanirapo makasitomala. Mtsikana wa Fomu 3 akufuna kuwerengerapo, koma alinso ndi chifukwa china chimene sakunena. Netiweki imagwira pachulu chimodzi chokha, ndipo chulucho chili m'munda wa munthu amene banjali silimayankhulana naye chiyambire mlandu wa mbuzi. Taonani, zigawo 6 zakwana kale, ndipo simunafune galimoto ngakhale imodzi. Chigawo chilichonse chithere pamene woonera akufunsa kuti "ndiye kenako?" Foni yalira usiku, aliyense wadzuka, dzina looneka pagalasi palibe akulidziwa. Dulani pomwepo. Amene adakula akumvera Kapalepale, Pamajiga ndi Zimachitika pa wailesi akudziwa mmene sabata imatalikira ukasiyidwa m'malere.

Ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wonse: musalalikire. Tatopa nawo masewero amene kumapeto kwake munthu wovala tayi amaimirira n'kutiuza kuipa kwa maukwati a ana, aliyense n'kugwedeza mutu, nyimbo n'kuyamba. Ngati mukufuna kukamba za mtsikana wosiyira sukulu panjira, tionetseni desiki yake ili yopanda munthu Lolemba, ndi mnzake akusunthira pakati mwamanyazi kuti akhale motakasuka. Ngati ndi za makala, tiyendetseni ndi mnyamata amene akukankha njinga ya matumba atatu kulowera ku Zalewa kusanache, ndipo mutiuze kuti ndalamayo ndi ya fizi ya mlongo wake. Woonera si mwana. Adzalira yekha ndipo adzaganiza yekha. Komanso yankhulani mmene mumayankhulira kwanu. Musabwereke kayankhulidwe ka m'mafilimu a ku Nigeria, musakakamire Chichewa cha mu Ndirande chimene lilime lanu silinachizolowere. Mawu amene anzanu a m'tauni amakusekani nawo ndi omwewo adzachititse munthu wa ku Neno amene ali ku Cape Town kuimitsa ntchito n'kuitana anzake kuti adzamve.

Pa kajambulidwe ndidzakhalitsa pa chinthu chimodzi, chifukwa ndicho chimasiyanitsa ntchito yooneka ndi yotayidwa: mawu. Anthu amapirira chithunzi chosawala bwino, koma akangolephera kumva zimene wosewera akunena, amadumpha. Foni yojambula ikakhala patali, imatola mphepo, tambala, chigayo ndi njinga yamoto yodutsa, mawu a munthu n'kumira. Ndiye pezani foni yachiwiri, ngakhale yakale, ikhale yojambula mawu okha. Ibiseni m'thumba la malaya la woyankhula kapena kuseri kwa mtondo, pafupi ndi pakamwa. Kukakhala mphepo ivekeni sokosi. Musanayambe chidutswa chilichonse, wina aombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera. Polumikiza mudzagwirizanitsa chithunzi ndi mawu pa kuombako. Woyang'anira mawu avale mahedifoni ndipo apatsidwe mphamvu yoimitsa aliyense, ngakhale wotsogolera. Funsani nthawi imene chigayo chimazima, mujambule nthawi imeneyo.

Zina zonse n'zosavuta. Gwirizanani kamodzi ngati foni izikhala chogoneka kapena choimirira, ndipo musasinthe pakati. Pukutani diso la kamera. Ikani foni pa flight mode kuti azakhali asaimbe pakati pa maliro a m'sewero. Choimikira pangani ndi nsungwi zitatu ndi mphira wa njinga. Dzuwa la pamutu limaika mdima m'maso mwa anthu, choncho jambulani m'mawa kapena chakumadzulo, dzuwa lili kumbuyo kwa wojambula, ndipo thumba loyera la ufa lotambasulidwa limabwezera kuwala pankhope. Za usiku jambulani masana m'nyumba, mutatchinga mawindo ndi mabulangete. Palibe chifukwa choyendera mdima. Musatsate nkhani mmene ikuyendera: zonse zochitika pachulu zijambulidwe tsiku limodzi, kaya ndi za chigawo choyamba kaya chomaliza. Polumikiza, CapCut kapena KineMaster zimagwira pa foni wamba. Ndipo madzulo alionse koperani zonse pa memore khadi yachiwiri, ikagone nyumba ina. Foni imagwa m'madzi powoloka Lisungwi, foni imabedwa pamsika, mwini foni amatha kufufuta ntchito ya mwezi wathunthu kuti alowetse nyimbo.

Kamera ili ndi mwambo wake, ndipo wosautsata amadzitsekera yekha makomo. Sukulu zambiri sizilola foni, ndiye musachite mobisa. Pitani kwa ahedi ndi mphunzitsi wa kalabu ya masewero, hadikava ili m'manja, muwaonetse kuti mudzajambula Loweruka ndi patchuthi. Auzeni kuti mudzalemba mawu a Chingerezi pansi pa chithunzi. Kumasulira zigawo 6 mzere ndi mzere ndi phunziro la Chingerezi loposa kuloweza, ndipo nonse mukudziwa kuti popanda Chingerezi satifiketi ya MSCE kulibe. Chiyambire kusintha kwa malamulo a dziko mu 2017, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, choncho kholo la wosewera aliyense livomereze, makamaka polemba. Mukafuna kujambula m'mudzi, yambani mwakaonekera kwa amfumu, mugwade, munene chimene mwadzera. Mudzadabwa kuti iwo omwe adzakuthamangitsirani ana aphokoso. Odwala kuchipatala musawajambule. Za kudambwe ndi za kutsimba si zanu. Musatenge nkhani ya munthu weniweni wa m'mudzi n'kungosintha chilembo chimodzi cha dzina lake. Kuwonjezera pa kudana ndi abale ake, lilipo lamulo la 2016 loona za pa intaneti limene anthu amangidwa nalo. Nyimbo za eni ake musaziike popanda chilolezo, pakuti a COSOMA alipo ndipo YouTube yokha imatha kuzizindikira n'kutsekereza ntchito yanu. Kodi kwaya ya pasukulu panu idapita kuti? Mnyamata uja wa banjo ya chigubu mukumusungira chiyani?

Tsopano kulengeza. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mungapange chinthu chokoma chotani, mukangochiika pa YouTube n'kukhala chete, adzachiona ndi inu nomwe ndi msuweni mmodzi. Ndipo musanamizane za ndalama: YouTube siyamba n'komwe kuganiza zogawana nanu za malonda musanapeze olembetsa 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'chaka chimodzi. Cholinga cha ulendo woyamba ndi maso a anthu, osati matumba awo.

Dziwani kumene oonera anu ali. Oyamba ali pafupi, ndipo ambiri alibe bandulo yoonera kanema pa intaneti. Amenewa apititsireni pamanja. Chepetsani kukula kwa chigawo kuti chizitha kuyenda pa WhatsApp, pa Bluetooth ndi pa Xender. Pitani kwa anyamata olowetsa nyimbo ndi mafilimu m'mafoni pa Neno boma, pa Ligowe, pa Kambale, pa Zalewa, muwapatse ulere, muwauze kuti aziika m'memore iliyonse. Wina adzati akukuberani. Asiyeni abe, pa msinkhu uno wokuberani filimu ndi wantchito wanu wosalipidwa, bola dzina la gulu lanu ndi la tsamba lanu zilembedwe pachithunzi pomwepo. Kambiranani ndi mwini nyumba yoonetsera kanema kuti aike chigawo chanu mpira usanayambe. A kabaza ndiwo nyuzipepala ya boma lino: mmodzi wa iwo akaoneka m'sewero, siteji yonse idzalengeza popanda kuipempha. Lembani zikwangwani ndi manja, muzimate tsiku la msika. Kagogodeni ku Neno FM, mupemphe mphindi zochepa pa pulogalamu ya achinyamata.

Oonera achiwiri ali kutali: ana a ku Neno amene ali ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Tete, ku Joni. Amenewa bandulo ali nayo, ndipo ali ndi njala ya kwawo imene inu simungaimvetse mpaka mutachoka. Akangoona phiri limene ankadyetsako mbuzi, adzatumiza kwa anthu 50 usiku womwewo. Apezeni m'magulu a pa Facebook ndi WhatsApp a anthu a kwanu. Sabata ziwiri chigawo choyamba chisanatuluke, yambani kuwakola ndi tizidutswa ta masekondi 30, zithunzi za osewera, ngakhale zolakwika zoseketsa za pojambula. Aliyense wa m'gulu aike pa status tsiku limodzi, ola limodzi, kuti munthu akatsegula foni aone ngati boma lonse likukamba chinthu chimodzi. Sankhani tsiku lotulutsa, kaya Lachisanu madzulo, ndipo mulisunge zivute zitani. N'chifukwa chake ndikuti musatulutse chigawo choyamba musanamalize zinayi. Mvula idzagwa, wina adzadwala malungo, sola idzakana kutchaja. Zigawo zosungira ndizo zidzakupulumutseni. Pa tsamba musaikepo nambala ya wosewera aliyense, makamaka atsikana, ndipo ndemanga zachipongwe zifufutidwe osayankhidwa.

Koma chionetsero choyamba chisakhale pa intaneti. Chikhale m'holo ya sukulu kapena m'kalasi lalikulu, makolo, amfumu ndi aphunzitsi atakhala kutsogolo. Bwerekani TV kapena pulojekita ku parishi, kumpingo kapena ku bungwe lililonse limene lili nayo. Inu khalani kumbuyo, musayang'ane kanema, yang'anani anthu. Pamene aseka lembani. Pamene ayamba kunong'onezana zina lembaninso, chifukwa pamenepo mpofunika kudula, ngakhale pakhale pamene mudavutikira kwambiri. Mudzaona mayi wina akuloza ndi chala, akufuula kuti "Si kwathu uko!" Mukadzamva mawu amenewo, za Loweruka lachitatu zija mudzaziiwala.

Chigawo choyamba chidzakhala choipa. Ndikukuuzirani lero kuti musadzadabwe. Wina adzayang'ana kamera, mawu adzatsalira, mbuzi idzalowa pamene simunaiitane. Anzanu ena adzakusekani, ndipo osekawo adzakhala amene sanapangepo kanthu. Mverani wokutsinani khutu amene akutchula chenicheni cholakwika. Wongonyoza mumupatse moni n'kupitirira. Chachitatu chidzakhala bwinoko. Pofika chachisanu ndi chimodzi mudzafuna kubwereza zonse, koma musatero. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Gulu limene lamaliza zigawo 6 zofooka laphunzira zambiri kuposa limene lakhala chaka likukonza chigawo chimodzi. Ndipo zimene mwaphunzirazo sizithera pa kanema: mwadziwa kulemba bajeti, kupempha chilolezo kwa akuluakulu, kusunga nthawi, kutsutsana popanda kudana, kugulitsa chinthu kwa munthu amene sanachifune. Kaya mudzakhala namwino, kaya mlimi wa manachesi, kaya khansala, zimenezi mudzazidya moyo wonse.

Sukulu ikhale patsogolo. Ndanena dala kuti a Fomu 3. A Fomu 4 athandize ndi nzeru, koma mayeso akayandikira abwerere ku mabuku, ndipo a Fomu 1 ndi 2 muwatenge awiri kapena atatu azinyamula nsungwi ndi kuonerera, kuti chaka chamawa ntchito isadzayambirenso pansi. Amene magiredi ake atsika apume kaye kujambula. Lamulo limeneli mulilembe nokha ahedi asanalitchule, mudzaona mmene nkhope yawo idzamasukire.

Ndiye Lolemba likubwerali, nthawi ya buleki, awiri mwa inu apite kwa mphunzitsi amene mumamukhulupirira. Lachitatu hadikava ikhale itagulidwa, mayina ndi mizere zitalembedwa. Lachisanu olemba abwere ndi tsamba limodzi lokha lonena kuti nkhani ndi ya yani, akufuna chiyani, akumutsekereza ndani. Loweruka m'mawa, chigayo chisanalire, jambulani mphindi imodzi yoyesera: munthu akuodira pakhomo, akulandiridwa, akukhala pamkeka, akunena chimene wadzera. Muionere pamodzi pomwepo, mahedifoni azizungulira mmodzimmodzi. Ngati mawu sakumveka, sunthani foni yachiwiri ija, ombani m'manja, mubwereze tsiku lomwelo.